Nyumba ya Mwezi Yopanda Nyale

Ine ndine Twaibu, telala wa pakhonde la sitolo ya Che Likwanya pa Ntaja. Kusukulu sindinapondeko, ndipo sindichita nazo manyazi. Mukandipatsa pepala ndiligwira chadodolido, koma mukangoima kutsogolo kwanga kamodzi, muyeso wanu ndausunga mpaka kalekale. Alipo amene ndinawayeza ali anyamata, lero ali ndi zidzukulu, ndipo ndingakuuzeni chiuno chawo cha nthawi imeneyo ndi mmene mimba yawonjezekera. Mutu umenewu ndi umene unandilowetsa m'nkhani iyi. Khalani bwino ndikuuzeni mmene zinayendera, sindichotsapo, sindiwonjezerapo.

Amjomba anga, mlongo wawo wa mayi, anali Che Bonomali, munthu wa falaki. Falaki ndi nzeru yakale yowerenga nyenyezi, imene inabwera kuno ndi amalonda a kunyanja yamchere. Munthu akafuna kuyamba ulendo, kumanga nyumba kapena kukwatira, ankapita kwa amjomba kukafunsa tsiku labwino. Buku lawo linadyedwa ndi chiswe iwo akadali moyo, koma sanadandaule, chifukwa anali atalikhuthulira kale m'mutu mwanga.

Chachikulu m'bukumo chinali ichi. Mwezi uli ndi nyumba makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu kumwambaku. Usiku uliwonse umagona m'nyumba ina, ngati mwamuna wamitala yambiri. Nyumba iliyonse ili ndi dzina, ndipo mainawo timawatchula motsatana ngati nyimbo: Sharatani, Butaini, Suraya, Dabarani, mpaka kukafika ku Risha, yomaliza.

Tsiku limene ndinawatchula onse osaphonya, amjomba anandigwira khutu.

"Twaibu, mwezi suyenda wokha. Uli ndi apaulendo amene amautsatira. Ukayamba kutchula nyumba, iwo amamva, amanyamuka kulondola mawu ako. Ndiye ukayamba, umalize. Mpweya ukakuthera, puma paliponse, koma osati pa Balida."

Balida ndi nyumba ya makumi awiri ndi chimodzi. Nyumba zina zonse zili ndi nyenyezi zake, ndizo nyale zake. Balida ilibe ngakhale imodzi, ndi kamalo kamdima chabe.

"Amene wawaimitsa pa Balida," anatero amjomba, "mwezi ukadzalowa m'nyumba imeneyo amamutenga, kuti akawasungire pakhomo."

Ndinafunsa kuti apaulendowo ndi ndani. Anandimenya ndi kofia yawo.

"Tsiku limene udzawadziwe, ndiye kuti uli nawo pamzere."

Zaka zinapita, amjomba anatisiya, anthu anayamba kufunsa masiku pa kalendala ya kugolosale. Ine ndinangotsala ndi nyimbo yanga, yopanda woifuna.

Ndiye chaka china, mwezi wa Juni, kukuwomba kamphepo kozizira, panabwera mayi wina pakhondepo. Wamfupi, wamagalasi, chikwama kumsana ngati mwana wasukulu. Maso anga anamuyeza asanapereke n'komwe moni: mainchesi makumi asanu ndi limodzi ndi imodzi, kuchokera kumutu mpaka kuchidendene.

"Che Twaibu ndinu?"

"Ngati ndi zipi, khalani pabenchipo. Ngati ndi diresi laukwati, mwamuna ameneyo wasankha bwino."

Anaseka mpaka magalasi anatsika. Anati dzina lawo ndi Mayi Velina Chagoma, amaphunzitsa ku Zomba, ndipo ntchito yawo ndi kufufuza mmene anthu akale ankawerengera nyenyezi, Agiriki, Aluya, Amwenye. Anati ali ndi anzawo m'maiko ambiri amene amakumana pa kompyuta kukambirana zimenezi, kutsutsana kuti uyu anatengera kwa uyu. Nyumba za mwezi anali ataziwerenga m'mabuku a zaka chikwi, koma anali asanamvepo munthu wamoyo akuzitchula pamtima.

"Mabuku tili nawo, bambo, koma mabuku saimba. Ndauzidwa kuti inu mumaimba."

Ndisaname, mtima unakoma. Zaka makumi atatu palibe amene anandifunsa. Ndinatsuka kukhosi, ndinakonza kolala. Iwo anatulutsa kabokosi kojambulira mawu, kakang'ono ngati sopo, n'kukaika pamakina anga. Tikuyembekeza kuti galimoto yamatabwa idutse, anandiuza kuti amakhala ku Chinamwali, kumtunda kwa chigayo, nyumba ya geti lobiriwira, ndipo ndikadzafika ku Zomba ndidzamwe tiyi.

Ndinayamba. Mawu anatuluka bwino tsiku limenelo, ngakhale amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Ndinadutsa Simaki, m'mene mwezi unali kugona usiku umenewo. Ndinadutsa Kalibu, Shaula, Naaimu. Nditangoti "Balida", mayi aja analumpha pabenchi.

"Imani kaye! Imani pomwepo!"

Anadina kabokosi kaja, kanazima. Maso ali mbee ndi chimwemwe, anandifunsa zimene amjomba ankanena za Balida. Ndinawauza kuti ndi nyumba yopanda nyale. Anawomba m'manja, anati mabuku akale amanena chimodzimodzi, anandionetsa pafoni pawo kamalo kakuda pakati pa nyenyezi. Tinacheza, ndinanyada, ndinaiwala khutu langa limene amjomba analikoka. Kenaka minibasi yomaliza ya ku Liwonde inayamba kuliza hutala.

"Zisanu ndi ziwiri zotsalazo ndili nazo m'mabuku," anatero akuthamanga. "Musavutike!"

Fumbi la minibasi litatha m'pamene ndinakumbukira. Sindinachite mantha, ayi. Ndinazungulira kuseri kwa sitolo, ndinayang'ana mwezi uli theka, ndinayambanso nyimbo yonse kuchokera ku Sharatani mpaka ku Risha osapuma pa Balida. Ndinati basi, ndatseka, apaulendo apitirire. Kunyumba ndinauza akazi anga, Abiti Kasimu, ngati nkhani yoseketsa.

M'mawa mwake choko changa cholembera pansalu chinasowa. Choko chimasowa, si nkhani. Ndinatenga kachidutswa ka sopo n'kugwira ntchito.

Tsiku lachiwiri ndikuchokera kumzikiti masana, Che Likwanya ananditulukira m'sitolo.

"Iwe, wayamba kuphunzitsa munthu ntchito osandiuza?"

"Munthu wake uti?"

"Makina akhala akulira kuyambira pamene unachoka. Ndimati ndituluke ndimuone, makasitomala anachuluka."

Ndinayang'ana makina. Nsalu yophimbira ili mmene ndinaisiyira. Koma nditagwira gudumu, linali lofunda.

"Che Likwanya, muchepetse tiyi wamasana," ndinawauza. Anatukwana pang'ono n'kulowa.

Tsiku lachitatu, dzuwa likupendeka, ndinadzutsa mutu n'kupeza munthu ataima kunsi kwa masitepe. Sindinamve kubwera kwake. Ndikuuzeni chinthu: ine sindinalepherepo kuyeza munthu ndi maso. Uyu ndimati ndikayamba paphewa, ndikafika m'chiuno phewa ndaiwala. Nkhope yake sindingakufotokozereni, chifukwa anali atayang'ana kumwamba, ngati munthu amene akufuna kuyetsemula. Mapazi opanda nsapato, koma oyera, opanda fumbi la pa Ntaja ngakhale pang'ono.

"Nyumba yotsatira ndi iti?" anafunsa.

"Yotsatira ndi ya mafoni. Mukadutsa pamenepo ndi butchala."

Anangoima. Ndinawerama kudula ulusi ndi mano, podzuka palibe. Ndinafunsa mayi wa tomato kuti bambo uja walowera kuti. Anati bambo wake uti, iye wangoona ine ndikuyankhula ndi masitepe.

Tsiku lachinayi tepi yoyezera inachoka m'khosi mwanga. M'khosi, osati patebulo. Tsiku lachisanu sizasi yanga yaikulu, imene ndakhala nayo kuyambira ndisanakwatire, inasowa m'bokosi lokhoma, loko ali chikhomere.

Madzulo amenewo Abiti Kasimu anandiitanira pambali.

"Bambo a Patuma, mkeka wa pakhonde ndaupinda katatu lero. Katatu ndaupeza woyala, ndipo pali mokhala anthu. Nkhuku zakana kulowa m'khola, zagona mumtengo."

"Nyimbo ndinaimaliza, mayi. Ndinakuuzani."

"Munamaliza inu wa pakamwa. Nanga inu wa m'kabokosi kaja? Ameneyo adakaima pa Balida. Ndipo mayi ophunzira aja, ndikuwadziwa anthu otere, akumabwereza m'mawa ndi madzulo kuti alembe bwino. Akafika pomwepo, zii. Abwerezanso, zii. Inu mukanakhala apaulendowo, simukanakwiya?"

Akazi anga nawonso sanapite kusukulu, koma pamenepo anandiposa ine ndi amjomba omwe.

Ndinawerenga pazala. Mayi aja anabwera mwezi uli pa Simaki. Kuchokera pa Simaki kufika pa Balida ndi masiku asanu ndi awiri. Anatsala awiri.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapempha Che Likwanya kuti andiimbire nambala imene mayi aja anasiya pakapepala. Foni inalira, inayankhidwa, anandipatsa. Sindinamve moni. Ndinamva mawu anga, patali ngati m'chitsime: Kalibu, Shaula, Naaimu, Balida. Kenaka chete. M'chetemo munali kupuma kwa anthu ambiri amene akudikira. Ndinabweza foni.

"Wayankhula nawo?"

"Netiweki," ndinatero.

Usiku umenewo ndinagona bwino, musadabwe. Ndinati ngati ndi ine akufuna, ndakula, ana ndakwatitsa, nyimbo ndi yanga ndipo kulakwa ndi kwanga. Munthu sathawa mvula imene waiitana yekha.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinavundukula makina. Pamwamba pake panali nsalu yoyera yopindidwa bwino, yodulidwa pa mpukutu umene ndinagula kuti ndisokere ana asukulu malaya. Kadulidwe kowongoka, ka sizasi yanga. M'mphepete muli kachizindikiro ka choko changa. Ndadulapo sanda zambiri, nsalu zokulungira maliro, sindinafunikire wondiuza.

Ndinaitambasula, ndinaiyeza ndi mkono popeza tepi panalibe. Ndinayezanso kachiwiri. Ine ndine wamtali, mainchesi makumi asanu ndi awiri, sevente yathunthu. Nsalu imeneyi ikanandisiya mapazi pamtunda. Ukachotsa zomangira kumutu ndi kumiyendo, inali ya munthu wa mainchesi makumi asanu ndi limodzi ndi imodzi.

Amjomba sanati amene waima. Anati amene wawaimitsa.

Ndinapinda nsalu ija, ndinaiika m'jumbo, ndinauza Che Likwanya kuti auze akazi anga kuti ndapita kukamwa tiyi ku Zomba.

Minibasi inachedwa kudzaza, inafa kawiri panjira. Tisanafike pa Liwonde ndinaona anthu akuyenda m'mbali mwa msewu, pamzere umodzi, opanda katundu, nkhope kumwamba. Tinawadutsa. Titadutsa pa Liwonde n'kuyamba kukwera mapiri a Machinga, ndinawaonanso kutsogolo kwathu. Tinawadutsanso. Pa Malosa anali kutsogolo kachitatu. Ndinafunsa kondakitala ngati kuli maliro kapena msonkhano. Anati, "Madala, mukuona chiyani? Ndi mbuzi zokhazokha izi."

Kuti mtima ukhale pansi ndinayamba nyimbo chamumtima. Inayenda bwino mpaka pa Balida. Kuseri kwa Balida kunalibe kanthu. Ndinayambanso, chimodzimodzi. Maina asanu ndi awiri amene ndinawasunga zaka makumi anayi anali atapita kumene kunapita choko, tepi ndi sizasi. Pamenepo ndiye thukuta linatuluka, kukuzizira chonchija. Koma sindinatsike. Ndinakumbukira zimene mayi aja anafuula akuthamangira minibasi.

Ndinafika ku Chinamwali dzuwa litangolowa, kum'mawa kutayamba kuyera kumene mwezi umatulukira. Chigayo ndinachipeza, geti lobiriwira ndinalipeza, lili pululu. Galu wa panyumbapo anali atalowa pansi pa thanki yamadzi, mchira pakati pa miyendo. Pakhonde panalibe munthu, komabe ndinayenda cham'mbali, ndikunena "zikomo, zikomo", monga umachitira podutsa pakati pa akuluakulu atakhala.

Mayi Chagoma anali patebulo, atafunda mabulangete awiri. Sabata imodzi yokha, koma masaya anali atalowa. Kutsogolo kwawo kunali kompyuta, m'menemo timabokosi tankhope za anthu, azungu, Aluya, mayi wina wachimwenye, onse akuyankhula Chingerezi mopikisana. Kabokosi kamodzi pakona kanali kakuda, kopanda nkhope.

"Che Twaibu," anatero ndi mawu onong'ona, osadabwa n'komwe. "Anthu ali pakhondewo mwabwera nawo ndinu? Akhala akundifunsa funso limodzi kuyambira Lachitatu. Ndawaonetsa nyumba zonse za mumzere uno."

"Mayi, kabokosi kojambulira mawu kaja kali kuti?"

Analoza. Kanali pambali pa kompyuta. Anati anasankha dala madzulo amenewo kuti anzawo amve nyimbo yanga, chifukwa anawerengera kuti mwezi ukulowa mu Balida lero, ndipo zikanakhala zokongola kuimvera pa nthawi yake yeniyeni.

"Zokongola zedi," ndinatero. "Koma nyimbo yodukiza ndi buluku la mwendo umodzi, simungalionetse kwa alendo. Tiimalize. Buku lija muli nalo?"

Analikoka, lalikulu, lachikuto chofiira.

"Inu mwaiwala?" anafunsa.

"Anthu a pakhondewo andibwereka mainawo. Muziwerenga inu, ine ndiziimba. Ine zilembo sindizidziwa, inu nyimbo simuidziwa. Tikaphatikizana tikwana munthu mmodzi."

Magetsi anazima. Kompyuta inatsala yokha ikuwala, nkhope zija zonse zitauma pakamwa pali yasa, kupatula kabokosi kakuda kaja, kamene ndinaona ngati kakula. Pawindo, mutu wa mwezi unali utatulukira paphiri, wofiira, wathunthu. Chitseko chimene ndinatseka ndi dzanja langa chinali chotseguka, ndipo kuzizira kunalowa mpaka m'mawondo.

Ndinawauza kuti ayatse foni yawo ijambule zonse, kenaka adine kabokosi ka mawu kaja. Mawu anga a sabata yatha anadzaza m'nyumba. Kumbuyo kwanga ndinamva mapazi ambiri akusuntha pasimenti, pang'onopang'ono, dzina lililonse phazi limodzi. Sindinacheuke. Telala amayang'ana pamene singano ikulowa.

Kalibu. Shaula. Naaimu. Balida.

Kabokosi kanati zii.

Ndinayang'ana mayi aja. Chala chili pabuku, mawu osatuluka. Maso awo anali atayamba kukwera kudenga, ngati munthu amene akufuna kuyetsemula. Ndinawagwira chibwano ngati mwana wanga Patuma, ndinachitsitsira pabuku.

"Mayi Chagoma! Zaka zonse munakhala kusukulu zija, munkaphunzirira lero. Werengani!"

Ndinaika khutu pakamwa pawo. Kanatuluka kampweya chabe.

"Zabihi."

"Zabihi!" ndinaimba ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa.

"Bula."

"Bula!"

Mapazi aja anasuntha. Sanabwere kwa ife, anatembenuka.

Suudi anaitchula momveka. Akibiya anaitchula ngati munthu amene wadzuka kutulo. Pa Mukadamu ndinamva dzinalo likubwerera lokha m'mutu mwanga iwo asanatsegule pakamwa, ndipo Muakhari tinaimba limodzi, iwo akuphonya kayimbidwe koma ndinawakhululukira. Nditati "Risha" ndinalikoka dzinalo mpaka mpweya kutha, mmene ankachitira amjomba.

Geti linalira panja, kamodzi, ngati munthu womaliza pamzere walitseka mwaulemu. Galu anatuluka n'kuyamba kuuwa, mochedwa ngati mlonda waulesi. Magetsi anayaka. Nkhope za pa kompyuta zinayambanso kugwedezeka, mzungu wina wandevu akufunsa ngati tikumumva. Kabokosi kakuda ka pakona kaja panalibe.

Mayi Chagoma anachotsa bulangete limodzi, kenaka linalo. Anati akumva njala. Ndinawauza kuti choyamba afufute nyimbo yodukayo, m'kabokosi ndi kwina kulikonse kumene anaisunga. Anafufuta ine ndikuona. Kenaka anauza anzawo aja kuti amene akufuna kumva nyumba za mwezi amve zonse makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo amene ali ndi funso adikire mpaka ku Risha. Wandevu uja anafunsa chifukwa chake. Mayi anandimasulira, ndinati amuuze kuti ndi mwambo wa kwa eni nyimbo, ndipo sindinawonjezere.

Tiyi ndinamwa, wa mkaka, ndi buledi wopaka. Anandifunsa chimene chinali m'jumbo langa. Ndinati ndi nsalu ya kasitomala amene wasintha maganizo.

Nditabwerera pa Ntaja m'mawa mwake, ndinapeza choko, tepi ndi sizasi zili pamakina, tepi itakulungidwa bwino kuposa mmene ndimakulungira ine. Abiti Kasimu anati nkhuku zinalowa zokha m'khola.

Mayi Chagoma amabwerabe. Ananenepa, chaka chatha ndinawawonjezera mainchesi awiri m'chiuno. Anabweretsa ophunzira awo anayi kuti ndiwaphunzitse nyimbo, ndipo aliyense ndisanamuphunzitse dzina loyamba ndimayamba ndamukoka khutu.

Za nsalu ija sindinawauze mpaka lero. Kuitaya sindikanatha, kuisunga yathunthu sindinafune, chifukwa chinthu chodulidwa pa muyeso wa munthu chimadikira mwini wake. Ndinakhala pansi ndi sizasi yanga n'kuiduladula tizidutswa tating'ono, tosakwana kukulunga ngakhale mwana wa nkhuku, ndipo tonse ndinasokera matumba a mabuluku. Tizidutswato tinapita ku Nselema, ku Nayuchi, ena anapita nato ku Joni. Amene angafune kuilumikizanso ayambe wavula amuna theka la boma la Machinga.

Ndiye ngati munasoketsa buluku kwa ine chaka chimenecho, pisani dzanja m'thumba. Mukapeza kuti ndi loyera mkati, ndipo limazizira pang'ono mwezi ukakhala wathunthu m'nyengo yachisanu, musabwere kudzadandaula. Ulusi wake ndi wolimba, silidzabooka.